Phulusa, Nsinjiro ndi Tsamba la Dzungu

Tsamba la dzungu ndi laukali. Lili ndi timinga toyera kuyambira kuphesi mpaka m'mitsempha ya kunsi kwake, ndipo likakukhudza pamkono umakanda mpaka madzulo. Wina atalithyola n'kuliponya mumphika momwemo, pakhomopo angadye ndiwo zokala kukhosi, zaulusi wokanirira m'mano. Komatu tsamba lomwelo likadutsa m'manja mwa mayi wodziwa ntchito yake limafika pambale lili lofewa, lobiriwira, lonona, loti mwana mpaka kunyambita chala. Pakati pa tsamba lamingalo ndi nkhwani wotendera pali tintchito tambirimbiri, ndipo kalikonse kali ndi chifukwa chake. Alendo akamva za Mangochi amaganiza za chambo. Koma anthu okhala kuno, kuyambira ku Makanjira, Malindi, pa boma, mpaka ku Nankumba ndi Monkey Bay, amadziwa kuti masiku ambiri a chaka mphika wa ndiwo umadalira masamba, mtedza, phulusa ndi usipa, ndiponso mutu wa munthu wodziwa chimene chili pa nyengo yake.

Mu Januwale ndi Febuluwale maungu amakhala atayanga pansi pa chimanga, ndipo ntchito imayambira kumunda komweko. Ndakhala ndikuonerera mayi wina wachikulire wa m'mudzi wa m'mbali mwa Shire, amene ana onse a pamudzipo amangowatchula kuti anganga, akuthyola ndiwo. Amalawirira, chifukwa dzuwa la kuno likangokwera tsamba limalefuka, ndipo lolefuka silisendeka bwino. Sathyola lililonse limene diso lagwerapo. Amatsata nthambi yoyangayo mpaka kunsonga, n'kubwerera masamba awiri kapena atatu, n'kuthyola lokula mulingo wa chikhatho. Masamba akuluakulu obiriwira moderapo amawasiya, poti ngokhwima komanso ndi omwe akudyetsa dzungu limene likukula pansipo. Pa phando limodzi amatengapo awiri okha n'kupita pena, kuti sabata yamawa adzapezenso pothyola.

Maluwa nawo amachita kusankha. Dzungu limachita maluwa amitundu iwiri: ena ali pa phesi lalitali lowonda, ena ali ndi kotupa kunsi kwake, kamene ndi kadzungu kongoyamba kumene. Oyambawo ndi aamuna, ntchito yawo ndi kupereka mungu umene njuchi zimanyamula, ndipo amenewa ndiwo chiluwe cholowa mulichero. Enawo sakhudzidwa. Ngakhale aamunawo sawamaliza onse. "Ena siyirani njuchi," ndidawamva anganga akuuza mdzukulu wawo amene adayamba kukolola duwa lililonse lachikasu.

Kunyumba amakhala pamphasa, miyendo atatambasula, lichero lili pambali, n'kuyamba kusadzula. Amagwira tsamba mozondotsa, phesi lili m'mwamba. Ndi chikhadabo cha chala chachikulu amathyola pang'ono m'mphepete mwa phesilo, osalidula lonse, n'kukoka motsitsa pang'onopang'ono. Khungu limasendeka lili ulusi wautali, limatsika mpaka pamene phesi lakumana ndi tsamba, kenako n'kugawikana kutsata mitsempha, kutenga timinga tonse ta m'njiramo. Amatembenuza phesi pang'ono, kuthyolanso pena, kukokanso. Katatu kapena kanayi, phesi latsala losalala, lonyowa, lowala, loti ukalipinda limangoti thyo. Ukakoka mwaphuma ulusi umadukira pakati, ndipo wotsalawo sungaupezenso poyambira. Ukakoka mwamantha umangonyotsola kachidutswa. Mphamvu yake ndi yapakatikati, ndipo manja a anganga amaidziwa okha. Maso awo amakhala ali kwina, akuyang'anira nkhuku kuti zisafike pa mtedza woyanika, pakamwa akucheza ndi mnansi wodutsa.

Kutsuka kumabwera masamba asanadulidwe. Dothi la m'mbali mwa nyanja ndi lamchenga, ndipo mvula ikamagwa imawazira mchengawo kunsi kwa masamba kumene timinga timaugwira. Amawaviika m'beseni la madzi ambiri, kuwagwedeza, n'kuwavuula kuwaika mulichero. Sakhuthula madzi masamba ali momwemo, kuopa kuti mchenga umene wadikha pansi ungabwererenso pa ndiwo. Kenako amasanja masamba angapo, kuwapinda kukhala kampukutu kolimba m'dzanja lamanzere, ndipo mpeni umadula cha kunsonga kwa zala, mopyapyala, chala chachikulu chikukankha kampukutuko pang'onopang'ono. Thabwa lodulirapo palibe, ndipo mpeni umadutsa pafupi ndi khungu moti woonerera ndiye amachita mantha.

Nsinjiro zimaoneka zosavuta kupanga, koma m'pamene ambiri amagwa. Pafupifupi theka la njere ya mtedza ndi mafuta, ndipo mafutawo sachedwa kutuluka. Ukaponya munsi ndi mphamvu ya pokonola chimanga, mtedza umamatirira pansi pa mtondo, ndipo m'malo mwa ufa upeza chiphala cholimba chosasefeka. Choncho amayamba wauyanika padzuwa kuti uume gwa, uku akuchotsamo wofota, wobooka ndi wachuku. Wachukuwo ngwowawa, njere imodzi ikhoza kuononga mphika wonse, komanso chuku chimenechi chimabala poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amaononga chiwindi ndipo moto wophikira sumupha. Zala zoyenda mulichero zikutola njere imodziimodzi zija zikugwira ntchito yoteteza banja.

Mumtondo amathiramo manja awiri okha, ndipo munsi saukweza kupitirira pachifuwa. Amaugwetsa mopepuka, mofulumira, akuupendeketsa pang'ono kuti mtedza wa m'mbali ugwere pakati. Khutu ndilo limawauza pamene afika. Poyamba mtondo umalira mouma, njere zikusweka. Kenako kulirako kumayamba kufewa, ndipo kukatero amaleka msanga mafuta asanatuluke. Amakhuthulira mu sefa, kapena mulichero n'kumasera, kuligwedeza cham'mbali mpaka ufa wosalala utapatukana ndi misere. Misere imabwerera mumtondo. Mtedza ukakhala wamafuta ambiri, monga CG7 wofiira uja amene adafala m'zaka za m'ma 1990, amawazamo kaufa ka chimanga kuti kamwe mafutawo. Chalimbana wa njere zikuluzikulu, amene makolo athu adakula naye, savuta chotero, ndipo amayi ambiri mpaka lero amamufunafuna pamsika akafuna nsinjiro zenizeni.

Tsopano mphika. Madzi amathira ochepa kwambiri, ongophimba pansi, chifukwa masamba ali ndi madzi awoawo. Amaikamo mchere ndi kachidulo pang'ono, n'kudikira kuti awire. Masamba salowa m'madzi ozizira: akagwera m'madzi owira amafota nthawi yomweyo kubiriwira kwake kudakalipo, pomwe akayambira m'ozizira amachedwa kupsa n'kuchita bii. Mphika umadzaza mpaka kukamwa, koma pakangopita kanthawi masamba aja atsika kufika pakati. Amawatembenuza kamodzi kuti apansi abwere pamwamba, n'kuyalapo matimati odula ndi chiluwe chija. Kenako nsinjiro, akuziwaza ndi dzanja mozungulira mpaka zitaphimba zonse, n'kuvundikira osatakasa.

Kusatakasako kuli ndi nzeru yake. Nsinjiro zikafika pansi pa mphika msanga zimapserera, ndipo fungo la kupserera silichoka ngakhale utasintha mphika. Zikakhala pamwamba zimapsa ndi nthunzi, zimanyowa pang'onopang'ono popanda kuchita timibulu. Apa anganga amasolola chikuni chimodzi kuti malawi atsike. Akavundukula amapeza nsinjiro zasintha mtundu, matimati afewa, ndipo m'pamene mthiko umalowa, kusakaniza zonse ndi kutswanyira matimati m'mbali mwa mphika. Msuzi umene unali timadzi tobiriwira umasanduka woyererako, wokhuthala, wogwira tsamba lililonse. Amayesa ndi mphuno: fungo la mtedza wauwisi likatha, ndiwo zapsa. Mphika ukakhala wadothi amauphula kutatsala pang'ono, chifukwa dothi limasunga kutentha ndipo ndiwo zimapitiriza kubwata zili pansi. Kuchokera poika masamba mpaka pophula sipapita mphindi zoposa 15.

Kutendera kuli ndi phindu lina limene lilime silingalimve. M'masamba obiriwira muli carotene, chinthu chimene thupi limachisandutsa vitamini A wothandiza maso ndi chitetezo cha m'thupi, koma chimalowa bwino m'magazi pokhapokha pali mafuta. Mtedza umabweretsa mafutawo, pamodzi ndi zomanga thupi zimene mu nsima ndi zoperewera. Chodabwitsa n'chakuti dzungu, mtedza, matimati, chinangwa, ngakhale chimanga chimene, zonsezi kwawo ndi ku America, ndipo zidafika kuno chitadutsa chaka cha 1500, kudzera m'malonda a kugombe la nyanja yamchere. Mbewu zidachokera kutali, koma amene adapeza njira yozikumanitsa mumphika umodzi ndi amayi a kuno. Jessie Williamson, m'buku lake la Useful Plants of Nyasaland la 1955, adalemba masamba ambirimbiri amene ankaphikidwa m'midzi ya dziko lino, ndipo njira zimene adaziona, kutendera ndi kuthira chidulo, ndi zomwezi tikuzionazi.

Chidulocho chiyenera kuonedwa pachokha, pakuti kwa ine ndicho chogometsa koposa m'khitchini la kumudzi. Ndi madzi a phulusa, koma wodziwa satapa phulusa la pamafuwa losakanikirana ndi zinyalala. Amaotcha lakelake: zitsononkho za chimanga, makoko a nyemba kapena a mtedza, makoko ouma a nthochi, ndipo kunyanja kuno, kumene milambe ili ponseponse, zigoba za malambe. Amaziotchera pamalo osesa bwino mpaka zitasanduka phulusa loyera. Kenako amatenga kachitini kapena kamphika kobowola pansi, kuyalamo udzu wouma pang'ono, kuthira phulusa, kulitsendera, n'kumathira madzi pamwamba pang'onopang'ono. Uku ndiko kucheza chidulo. Madzi amalowerera m'phulusa, amasungunula mchere wa potashi umene zomera zija zidakoka m'nthaka zili moyo, n'kumadonthera m'mbale pansi, ali ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Oyamba kudontha ndi amene ali aukali. Anganga amaviikamo chala, kuchigunditsa kunsonga kwa lilime, kenako n'kutikita zala ziwiri. Chidulo chabwino chimaluma lilime ndipo chimaterera.

Ntchito yake ndi kumasula tsamba. Timaselo ta masamba tidalumikizidwa ndi chinthu chomata chotchedwa pectin, ndipo madzi aukali a chidulo amachisungunula, tsamba n'kufewa msanga, nkhuni n'kupulumuka. Amasunganso kubiriwira kuti kusathawe. Masiku ano ambiri amagula soda wa m'kapepala kugolosale, amene amagwira ntchito yomweyo ngakhale alibe kafungo kautsi ka chidulo. Zonse ziwiri zikachuluka zimaononga vitamini C ndi mavitamini ena a gulu la B, ndipo ndiwo zimamveka sopo m'kamwa. N'chifukwa chake alangizi a zakudya amati tichepetse, ndipo akunena zoona. Koma ine ndimaona kuti mayi wodziwa adachepetsa kale: pa nkhwani wanthete amangodonthezera, pa bonongwe sathira n'komwe, chidulo chake amasungira therere.

Therere ndiye silimveka popanda chidulo. Kaya ndi lobala lija la m'dimba, kaya denje kapena chewe zomera zokha m'mphepete mwa munda mvula ikagwa, mphika wake umayamba ndi chidulo chosakaniza ndi timadzi. Chikawira amathiramo therere lodula mopyapyala, matimati ndi mchere, ndipo kuyambira pamenepo wophika sachokapo. Mphika umachita thovu, thovulo limakwera mothamanga, ukangocheuka theka la ndiwo lathera pamoto. Mthiko umamenya mozungulira, mofulumira, kutsitsa thovu ndi kuphwanya tizidutswa kuti titulutse kuterera kwake. Mafuta salowamo, anyezi salowamo. Pakatha mphindi zochepa amakweza mthiko m'mwamba: therere likakwera nawo n'kupanga ulusi wautali wosaduka msanga, lapsa. Ukalisiya kupitirira apo limada n'kusungunuka. Ndi ndiwo za tsiku limene m'nyumba mulibe ndalama ya mafuta, ndipo kambale kamodzi kamakwanira banja lonse, poti mbamu imangokhudza pang'ono n'kutsetsereka yokha kukhosi.

Masamba ena a dzinja ali ndi timalamulo tawo tating'onoting'ono. Luni ndi ndiwo zowawa, choncho amasakaniza ndi bonongwe kapena kutaya madzi oyamba. Chisoso chimathyoledwa chisanachite maluwa, chikakula chimanunkha mankhwala. Kholowa, masamba a mbatata, amayamba wamuyanika padzuwa kanthawi kuti afote, apo ayi amatuluka utomoni n'kuterera mumphika.

Chigwada ndiye chimafuna zosiyana kotheratu. Chinangwa chimakonda mchenga wa m'mbali mwa nyanja ndipo chimapirira ng'amba, choncho masamba ake amapezeka ngakhale ena atauma. Koma tsamba la chinangwa lili ndi poizoni, ndipo chida chochotsera poizoniyo ndi mtondo. M'tsambamo muli zinthu ziwiri zosungidwa motalikirana, china chotchedwa linamarin ndi china chochiphwanya. Munsi ukatswanya tsamba ziwirizi zimakumana n'kutulutsa cyanide, amene amauluka ndi nthunzi ndiwo zikamawira. N'chifukwa chake chigwada amachisinja mpaka chitakhala phala lobiriwira losaoneka mtsempha, n'kuchiwiritsa nthawi yaitali, mphika uli wosavundikira, akuonjezera madzi akaphwa. Nsinjiro kapena mafuta zimabwera kumapeto. Mayi amene sadamvepo dzina la linamarin amadziwa bwino lomwe kuti chigwada chosasinjika chimawawa ndi kuzunguza mutu, ndipo salola mtsikana wophunzira kuphika kuti achiphule msanga. "Chisiyeni chiwire, amwali, nsima idikira."

Mvula ikamapita kumapeto, mu Malichi ndi Epulo, munda umapereka zambiri kuposa zimene banja lingadye. Maungu akhwima, mbatata yayamba kukumbidwa, ndipo futali, mbatata kapena dzungu lophika ndi nsinjiro, amakhala kadzutsa. M'mabanja a Chisilamu, amene ndi ambiri m'boma lino, futali amakondedwanso madzulo a mwezi wa Ramadani pomasula kusala. Koma mayi woganizira za Okutobala amakhala ali kalikiliki kufutsa. Chitambe, masamba a khobwe, ndicho chimafutsika bwino koposa, kenako khwanya ndi nkhwani. Amawiritsa madzi mumphika waukulu, kuponyamo masamba kanthawi kochepa, ongoti afote ndi kusintha mtundu, n'kuwavuula. Kuwiritsa kwachiduleku kumaletsa tizinthu ta m'tsamba timene tikadapitiriza kuliononga ndi kulichotsa kukoma likamauma. Masamba akapsa kwambiri mfutso umadzaphikika phala, akapanda kufutsidwa umadzanunkha udzu. Amawafinya, kuwamwaza pamphasa mopyapyala, kuwatembenuza masana, kuwalowetsa m'nyumba dzuwa likapendeka kuti mame asawapeze. Akauma amalira tswatswatswa m'manja.

Kumtunda, cha ku Namwera ndi Katuli kumene kuli mitengo ya masuku, mfutso amaumanga m'chikwatu. Masamba akuluakulu a msuku amawasanja mopiringizana, kuthira mfutso pakati, kuwakulunga n'kumanga ndi luzi mpaka chitakhala chobulungira, cholimba, chopachika kudenga la khitchini kumene utsi umathamangitsa tizilombo. Pofuna ndiwo amangoboola pang'ono, kutapa, n'kutsekanso. Kunyanja kuno ambiri amasungira mumtsuko kapena m'thumba.

Kuyambira Meyi mpaka mvula ina, masamba aawisi amachokera kudimba. M'mbali mwa Shire, kuzungulira nyanja ya Malombe ndi m'madambo a mitsinje yolowa m'nyanja, madzi akaphwera amasiya dothi lakuda lachinyontho, ndipo anthu amabzalamo mpiru, repu, tchainizi, matimati, anyezi, therere lobala ndi chimanga chodya chachiwisi. Dimba limatsata madzi. Chaka chimene nyanja yakwera kwambiri, monga mu 2024 pamene madzi adalowa m'nyumba ndi m'minda ya m'mphepete, malo ena olima amakhala adakali omira, ndipo mpukutu wa mpiru pamsika umaonda ngakhale mtengo wake uli womwewo. Julayi ndi Ogasiti ndi miyezi ya nandolo wamuwisi, wosenda pamanja mpaka zala kuda, wopsa msanga kuposa nyemba. Malambe nawo amakhala atakhwima, ndipo ufa wake wowawasa, wodzaza vitamini C, amauviika m'madzi n'kuuthira m'phala la ana.

Pamsika wa pa boma, m'mawa njinga zikuoloka mlatho wa Bakili Muluzi zitasenza madengu, kugula nakonso kumafuna diso. Matimati amawaunjika m'timilu, atatu pansi limodzi pamwamba, ndipo wogula wodziwa satenga ofiira okhaokha. Amatenga mulu wakupsa wa lero ndi wina wachikasu wa mkucha, poti kutentha kwa Mangochi sikuchedwa kupsetsa tomato ndipo nyumba zambiri zilibe firiji. Mpiru amauyang'ana kuphesi podulidwa: pakakhala poyera ndi ponyowa, wathyoledwa m'mawa womwewo, pakada, wagona, ngakhale wogulitsa auwaze madzi chotani. M'chilimwe matimati amatchipa mpaka wogulitsa kuika banyira osapemphedwa. M'dzinja, matenda akagwira minda, amakwera mtengo ndipo ambiri amachokera kumapiri a Ntcheu ndi Dedza. Pamenepo tomato mmodzi amadulidwa pawiri, theka masana theka madzulo, ndipo nsinjiro ndi zimene zimanyamula ndiwo.

Nyanja nayo ili ndi nyengo zake, ndipo wophika amayenera kuzidziwa. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mwera umaomba, mafunde amakula, mabwato amatha masiku ali pamtunda, ndipo nsomba yaiwisi imasowa ngakhale m'mudzi woti nyanja ili pakhomo. Usipa umagwidwa usiku ndi khoka la chilimira, msodzi wotchedwa siginala akuukopa ndi nyali, choncho mwezi ukamawala kwambiri nyali zimachepa mphamvu ndipo madoko a Msaka, Malembo ndi Chembe amachita zii. Kuyambira mu Novembala boma limatseka usodzi wa makoka ena kuti chambo chiswane. Chambocho chidachepa kale. M'nyanja ya Malombe chidatsika kwambiri kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, mpaka mu 1993 kudayambika makomiti a m'midzi oyang'anira madoko. Lero m'mabanja ambiri chambo ndi ndiwo za mlendo kapena za tsiku lachikondwerero. Nsomba za tsiku ndi tsiku ndi usipa, utaka ndi kambuzi.

Usipa umafika pamsika m'njira zingapo, ndipo uliwonse uli ndi kaphikidwe kake. Wauwisi, wongotsika m'bwato, sufuna zambiri: kutsuka mopepuka, kusanja mumphika, mchere, tomato, timadzi pang'ono. Wofutsa, umene adauviika m'madzi owira amchere asanauyanike pathandala, ngwofewa kale ndipo suchedwa kupsa. Wouma ndi dzuwa lokha ndi umene umayesa wophika. Amayamba waudula mitu, akukoka kuti matumbo atulukire limodzi, chifukwa kuwawa kumakhala mmenemo. Kenako amaukazinga m'chiwaya chopanda mafuta, akuugwedeza, kuti mamba ndi mchenga zithothoke ndipo fungo lake lidzuke. Akatero amaupeta n'kuutsuka m'madzi ofunda, osati owira. Ukalowa mumphika, mthiko umatsala kunja. Usipa sutakasidwa. Wophika amagwira mphika m'mbali ndi kansanza, kuunyamula, kuuzunguza kawiri katatu kuti msuzi uyende, n'kuubwezera pamoto. Nsomba iliyonse imafika pambale yathunthu, yowala, m'malo mwa phala laminga. Ndipo popeza umadyedwa ndi minga yomwe, usipa umapatsa mwana kashiamu wolimbitsa mafupa amene mnofu wa chambo chodula chija sungampatse.

Chambo chikapezeka, lamulo la kusatakasa ndi lomwelo, koma chisamaliro chachikulu chili potumbula. Akapala mamba kuchokera kumchira kupita kumutu, mpeni umalowa mosazama kuti usaboole ndulu, kathumba kobiriwira kamene kakaphulika kamawawitsa mnofu ndipo kutsuka sikuthandiza kwenikweni. Amachidula patatu, mitu n'kuisanja pansi pa mphika chifukwa ndiyo imapirira moto ndi kukometsa msuzi, michira pamwamba.

Okutobala ndi Novembala ndiyo miyezi yoyesa khitchini. Mchenga umatentha mpaka osapondeka, madimba akutali ndi madzi auma, nkhokwe yatsika, mango akungoyamba kumene kupsa. Apa m'pamene mfutso uja umatuluka. Amautapa dzanja limodzi, poti ukanyowa umafufuma, kuutsuka kuchotsa fumbi la pamphasa, n'kuuviika m'madzi ofunda kanthawi. Madzi oviikirawo sataya, ndi omwe amaphikira. Mfutso umafuna moto wodekha ndi nthawi yotalikirapo kuposa masamba aawisi, ndipo nsinjiro zake zimachulukirapo kuti zibwezere kunona kumene dzuwa lidachotsa. Ena amaponyamo tiusipa pang'ono.

Zonsezi zimachitika pa moto umodzi. Kaya ndi pamafuwa atatu, kaya pa chitetezo mbaula chadothi, pamakhala mphika umodzi pa nthawi, choncho wophika amasanja ntchito m'mutu asanakoleze. Zochedwa kupsa, nyemba, chigwada kapena mfutso, zimayamba. Nsomba zimatsatira. Zikaphulidwa zimakhala m'mphepete mwa moto, paphulusa lotentha, kuti zisazizire. Ngati pali therere, amapalira makala pambali n'kukhazikapo kamphika kake. Nsima imabwera pomaliza chifukwa iyenera kudyedwa yamoto. Madzi amawayesa ndi kuseri kwa dzanja, ndipo akafunda amathira ufa akutakasa kuti pasakhale timibulu, n'kulisiya phala libwate mpaka fungo la ufa wauwisi litatha. Kenako ufa umabwera pang'onopang'ono, dzanja limodzi likuwaza, lina likuvundula, mthiko ukukokera nsima kukhoma la mphika n'kuipinda, mpaka itayamba kulekana ndi m'mbali. Chipande amachiviika m'madzi ozizira asanaomole mtanda uliwonse kuti nsima isamatirire, ndipo mtanda womaliza ukangotuluka amathira madzi mumphikamo nthawi yomweyo kuti nkhoko zifewe potsuka.